Palafini m'nyemba, ndi zina zomwe timanena za ana a kwa masisitere

Sabata yotsegulira sukulu ikakwana, kaimeni pamsika wa pa Luangwa Bridge, mudzawaona. Atsika basi ya ku Lusaka kapena ya ku Chipata, aliyense ndi bokosi lake lachitsulo, matiresi omanga ndi chingwe, ndowa yodzaza sopo, shuga ndi chiponde, ndipo akudikira galimoto yolowera kummwera, njira ya ku Feira. Amayi ogulitsa nsomba zouma amawaponyera diso, kenaka wina amayamba: "Awo ndi a kwa masisitere, akupita kukadya nyemba za palafini." Mnzake amati ayi, akupita kukaphunzira usisitere, makolo awo aiwale za zidzukulu. Wachitatu, uku akuingitsa ntchentche pansomba, amati asiyeni, tidzawaona akadzatuluka mmene adzalusire.

Sindikuwaseka amayiwa. Mawu omwewa ndidawamva kwathu, pakamwa pa anthu amene adagulitsa mbuzi kuti ine ndiphunzire. Ndidaphunzira kwa masisitere, pasukulu ina kutali ndi chigwa cha Luangwa, ndipo usiku woti mawa ndinyamuka ambuya anga adandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti, "Mwanawe, ukakaona ayamba kukumeta ndi kukuveka nsalu kumutu, uthawe, usadikire tchuthi." Ankanena ndi mtima wonse. Munthu wopereka mwana wake kwa alendo miyezi itatu, osamuona, osadziwa chomwe wadya, amasowa chodzazira mpatawo, ndipo chimene chimapezeka msanga ndi mphekesera.

M'boma la Luangwa sukulu yotere ndi Katondwe Girls, ya pamishoni ya Katondwe. Mishoniyi si ya dzulo. Mu 1910 ufumu wa ku Portugal udagwa, ndipo boma latsopano lidathamangitsa ansembe a chipani cha Ajezuiti m'maiko amene linkalamulira. Amene adali ku Miruru, kumpoto kwa Zumbo, adawoloka Luangwa n'kudzamanga tsidya lino, ku Kapoche ndi ku Katondwe. Ntchitoyi idadzagwera m'manja mwa Ajezuiti a ku Poland, ndipo mu 1928 m'dziko muno mudafika masisitere a kwawo komweko, a chipani cha Little Servants of Mary Immaculate, amene pambuyo pake adadziwika ndi chipatala cha Katondwe. Choncho Ansenga ndi Achikunda a kuno akhala moyandikana ndi mishoni zaka zoposa 100. Ambiri adabadwira m'chipatala chake, adasokedwa mabala a ng'ona momwemo, adaika maliro awo ndi ansembe ake. Nanga bwanji za sukulu ya atsikana zimakambidwabe ngati za kudziko lachilendo? Ine ndimaganiza kuti nkhani ndi khomo. Kuchipatala umalowa, umayala mphasa pafupi ndi wodwala wako, umaona zonse ndi maso ako. Sukulu yogonera ili ndi geti, ndipo kholo limalowa tsiku loikika lokha.

Tiyambe ndi palafini, poti ndiye mfumu ya nkhani zonsezi. Amati ophika amathira kadontho mumphika wa nyemba kuti atsikana thupi lizizire, asamaganize za anyamata. Nkhaniyi siyambira ku Luangwa ndipo sithera kuno. Mudzaimva ku Malawi, ku Kenya, ku Uganda, m'masukulu a anyamata ndi a atsikana, a mishoni ndi a boma. Asilikali a ku Britain ankanena zomwezo za tiyi wawo, kuti akuluakulu amathiramo mankhwala otchedwa bromide, ndipo a ku America ankaloza saltpeter m'chakudya chawo. Paliponse pamene achinyamata asonkhanitsidwa n'kumadya chophikidwa ndi munthu amene sakumuona, nthanoyi imamera yokha ngati bowa pachulu.

Palafini alibe mphamvu iliyonse pachilakolako cha munthu. Mphamvu yomwe ali nayo ndi yopweteka thupi. Anamwino amawadziwa ana aang'ono amene amamwa palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa: akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo, n'chifukwa chake amaletsa kumusanzitsa mwana wotero. Ngati alipo wophika kwinakwake amene adathirapo chifukwa chokhulupirira nthanoyi, adaika ana a eni pangozi popanda phindu lililonse. Koma fungo limene atsikana amalumbira kuti adalimva lili ndi njira zake zodziwika. Nyemba za sukulu zimagulidwa matumba ambiri nthawi imodzi, zimakhala miyezi m'nyumba yosungira chakudya, ndipo kuti zisafumbwe amazithira mankhwala a ufa onga Actellic, omwe aja timathira m'chimanga tikakolola. Zikapanda kutsukidwa bwino, fungo limatsala. M'dzinja nkhuni zikanyowa, woyatsa moto amazidontheza palafini, manja omwewo n'kugwira mthiko. Ndiponso mphika wodyetsa anthu mazana sungakome ngati kamphika ka amayi ako kothira tomato ndi anyezi.

Pali chimene ndikufuna makolo amve pamenepa. Mwana akanena kuti nyemba zikununkha palafini, kawirikawiri akutanthauza kuti watopa nazo. Ife zinkayenda chonchi: Lolemba nyemba, Lachiwiri nyemba, Lachitatu kapenta wowerengeka, kenaka nyemba. Thupi la mtsikana wa zaka 15 likukula, ndipo mwezi uliwonse limataya magazi ofunika kubwezeretsa. M'malo mogwedeza mutu n'kunena kuti masisitere ndi ochenjera, funsani pamsonkhano wa PTA kuti ana amadya ndiwo zamasamba kangati pasabata, mazira amaoneka liti, mosungira chakudya mumayendera ndani. Chigwa chino chimadyetsa nsomba anthu a ku Lusaka, ndiye n'koyenera kuti ana ophunzira m'chigwa chomwechi aziilawa kawirikawiri.

Mantha a ambuya anga aja ali ndi muzu wozama kuposa palafini, ndipo ndimawalemekeza. Kwa Ansenga, monganso kwa Achewa, mtundu umayenda ndi mwana wamkazi. Mtsikana akalowa usisitere, khomo limodzi la mbumba latsekeka, ndipo amalume amakhala pansi kuwerenga ana amene sadzabadwa. Wofunsa kuti "kodi sadzamutenga?" akufunsa za tsogolo la mudzi wake.

Komatu usisitere sulowedwa monga munthu amagwera m'mbuna. Malamulo a Mpingo wa Katolika amati munthu sangayambe unovisi asanakwane zaka 17, ndipo unovisiwo uyenera kutenga miyezi yosachepera 12. Malumbiro oyamba sachitika munthu asanakwane zaka 18, ndipo ndi a kanthawi. Amuyaya amadza patapita zaka zina zosachepera zitatu, munthu atakwanitsa zaka 21. Panjira yonseyi khomo lotulukira ndi lotsegula, ndipo ambiri amatulukadi, ena amabwezedwa ndi masisitere eni ake atawaona kuti moyowu si wawo. Malamulo omwewo amati malumbiro ochita mokakamizidwa kapena moopsezedwa alibe mphamvu. Inde, pasukulu pamakhala kagulu ka ofuna kumva za moyo wodzipereka, ndipo sisitere akaona mtsikana wodekha angamufunse ngati adaganizapo. Akakana, nkhani yatha. Mwa anzanga onse amene ndidamaliza nawo, olowa usisitere ndingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Otsalawo ndi anamwino, aphunzitsi, ochita malonda, amayi a ana awo. Za kumeta zokha ambuya adalondola theka. Masukulu ambiri otere amafunadi tsitsi lalifupi kapena loluka mophweka, kuti Loweruka lisathere pamutu, komanso kuti mwana wa nduna ndi mwana wa msodzi akaima pamzere asaonekere kutali.

Chimene mtsikana amatengadi kwa masisitere n'china. Amaona mkazi akusaina macheke, akuyendetsa galimoto, akuuza mmisiri wamwamuna kuti khoma lakhota agumule, ndipo palibe womuuza kuti akhale pansi. Masisitere ambiri masiku ano ndi ana a Zambia omwe, olankhula chilankhulo cha amake. Ku Katondwe chitsanzo china chili pamishoni pomwepo: Sisitere Mirosława Góra wa ku Poland, dokotala wa opaleshoni, watumikira pachipatalapo zaka zambirimbiri. Mwana amene adakula akumva kuti ntchito zotere ndi za amuna, akadziwa kuti wosoka olumidwa ndi ng'ona ndi mkazi, sabwerera kwawo ndi maganizo omwe adabwera nawo.

Zakuti sukulu zotere ndi za Akatolika okha, kapena kuti wolowapo amabatizidwa mokakamiza, tingazidutse msanga. Masukulu ambiri a mishoni m'Zambia ndi othandizidwa ndi boma: aphunzitsi amalipidwa ndi boma, silabasi ndi ya boma, mayeso ndi a Examinations Council of Zambia, ndipo malo amapezeka malinga ndi mmene mwana wakhozera. M'chipinda chimodzi mumagona wa Reformed, wa Adventist, wa Pentekoste ndi wa Katolika. Mu 1965, pa msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, Mpingo udalemba poyera kuti munthu asaumirizidwe pa za chikhulupiriro. Choona n'chakuti Misa imakhala pandandanda wa sukulu ndipo onse amapita, ngakhale osalandira Ukaristia. Kwa mwana wa Sabata zimenezi zimalemera, ndipo kholo lake lichita bwino kukambirana ndi ahedi lisanalipire, osati pakati pa teremu.

"Kumeneko amangopemphera," amatero ena. Mapemphero alipo ndithu, m'mawa ndi madzulo, kolona mwezi wa Meyi ndi wa Okutobala, Njira ya Mtanda Lachisanu lililonse la Lenti. Koma mwini tsiku ndi belu. Limakudzutsa kusanache: kusesa, kukolopa, kusamba madzi ozizira, phala, kalasi. Masana kuli ntchito ya manja, kuthirira dimba kapena kudyetsa nkhuku za production unit, mwambo umene udakhazikika m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya a Kaunda, pamene masukulu adauzidwa kuti azilima okha. Kenaka makalabu. Ku JETS ana amapanga zinthu za sayansi ndi mabotolo, mawaya ndi mabatire akale, n'kupita nazo kumpikisano mpaka wa dziko lonse. Ku mtsutso mtsikana wamanyazi amaphunzira kuima pamaso pa anthu n'kumaliza mfundo yake osaweramitsa mutu. Kuli mpira wamanja, kwaya, zisudzo ndi magule okapikisana ku NASAAZ. Kulinso YCS, gulu la ophunzira lotsata njira ya wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn, yakuti uone, uweruze, uchitepo kanthu. Ife idatiphunzitsa kuti mnzako akasowa sopo, nkhaniyo isathere m'pemphero. Usiku ndi prep, maola awiri a zii, nyale ikuyaka, aliyense pabuku lake.

Miyambo imene imatsala mumtima ndi yosalembedwa m'malamulo a sukulu. Wongofika amapeza mayi wake wa pasukulu, mtsikana wa kalasi yapamwamba amene amamuonetsa poyanika zovala, amamubwereka singano, ndipo ndiye amamugwira dzanja tsiku limene wakula mwadzidzidzi amake ali kutali. Tsiku lochezera zitenje zimayalidwa pansi pa mitengo, mbale zimatsegulidwa, mpunga, nkhuku, mtedza wokazinga, ndipo kuno kuchigwa sipangalephere masau. Nthawi zonse pamakhala ana amene makolo awo sadabwere chifukwa cha mtunda kapena ndalama, ndipo nthawi zonse pamapezeka mayi woitana kuti, "Bwera kuno, mwanangu, lero amako ndine." Mayeso omaliza akayandikira pamakhala Misa yodalitsa olemba, ndipo ngakhale aja ankawodzera m'tchalitchi chaka chonse amaimba mpaka mawu kusasa.

Pa za magule ndi chinamwali, akuluakulu amene amati mishoni idapha mwambo sakunama kotheratu. Amishoni oyamba m'madera ambiri adaletsadi magule ena, ndipo chinamwali ankachiyang'ana ndi diso loipa. Zipsera zake zikadalipo. Koma lowani m'tchalitchi lero. Ng'oma ikulira, ana a Stella akuvina kutsogolo kwa ansembe, amayi akuimba nthungululu pa zopereka, ndipo m'maparishi muli alangizi a mpingo olangiza anamwali. Mtsikana woimba kwaya Lamulungu ndi yemweyo amamanga chitenje m'chiuno ng'oma ikalira pabwalo la sukulu, ndipo akabwerera kwawo akadali mwana wa Mbambala ya kwa Mburuma kapena Dantho ya kwa Mphuka. Chimene chimatayika mosavuta ndi chilankhulo, makamaka kumene ana amalangidwa akalankhula Chinsenga kapena Chinyanja m'malo mwa Chingerezi. Ichi ndiye ndikadakonda akuluakulu akadachidandaula kwambiri. Mwana wophunzitsidwa kuchita manyazi ndi lilime la amake amavutika kukhalanso pamphasa ndi ambuya ake.

Nanga chinsinsi chokhozera mayeso n'chiyani? Ena amati masisitere amapempherera mapepala, ena amanong'ona kuti amawaona asanafike. Gawo lina la yankho ndi losakoma koma loona: masukulu otere amatenga ana amene adakhoza kale bwino, ndiye amayambira patsogolo. Gawo lalikulu ndi nthawi.

Taganizirani tsiku la mtsikana wa msinkhu womwewo amene amayendera kuchokera kunyumba, m'mudzi wa m'mbali mwa Luangwa kapena Zambezi. Asanagwire kope wapita kale kumadzi, ndipo kumene kulibe mjigo madziwo ndi a mumtsinje wa ng'ona. Wasesa, waphikira alongo ake phala. Njira ya kusukulu ndi yaitali, ndipo masiku ena sanyamuka mpaka dzuwa litakwera chifukwa njovu zili m'njira. Chimanga chikayamba kucha, banja limagona kumunda, kuomba zitini ndi kusonkha moto kuti njovu zisamalize thukuta la chaka chonse usiku umodzi. Akaweruka kuli mtondo, nkhuni, mwana wobereka kumbuyo, ndipo mdima ukagwa tochi ya pafoni ndi ya abambo. Ena, pothawa mtunda, amachita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira Lolemba mpaka Lachisanu, popanda wamkulu wowayang'anira. Ufa ukatha Lachitatu, wobwera ndi ndalama amakhala mwamuna wamkulu, ndipo sapereka ulere.

Mnzake wa kwa masisitere sabadwa ndi ubongo wina. Wapatsidwa bedi, mbale ya nsima yosaphonya, nyale, ndi maola awiri usiku uliwonse amene palibe angamutume. Pa zaka zonse za sekondale maola amenewo amaunjikana n'kukhala phiri. Ngati masisitere ali ndi mankhwala, ndi amenewa, ndipo ndimalakalaka mtsikana aliyense wa m'chigwachi atamwako.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva kuti sukuluzi ndi za ana a olemera a ku Lusaka. Choona chilimo. Kuyambira Januwale 2022 boma lidachotsa fizi m'masukulu ake, koma kugonera kuli ndi mtengo wake, ndipo pamwamba pake pali matiresi, yunifolomu, nsapato ndi ndalama ya galimoto katatu pa chaka. Kwa msodzi zimenezi si zochepa. Koma chaka chomwecho thumba la CDF lidakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina ndi lolipirira ana osowa m'masekondale ogonera. Mafomu ake amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi. Dera la Feira lili ndi thumba lake ngati ena onse. Mwana akakhoza, amalume ndi azakhali apite akafunse, asasiye malo ake chifukwa chongomva kuti zimenezo si za ife.

Pali nkhani ina imene imadza ngati kamvuluvulu, makamaka mayeso akayandikira. Mtsikana mmodzi wagwa m'chipinda chogona, akukuwa kuti wina akumukanyanga pakhosi. Mawa lake agwa atatu, mkuja khumi, ndipo mafoni ayamba kulira m'midzi kuti pasukulu palowa za usataniki. Zotere zidachitikapo m'masukulu ambiri, ndipo yodziwika kwambiri ndi ya ku Kashasha, pafupi ndi Bukoba ku Tanganyika. Pa 30 Januwale 1962 atsikana atatu a pasukulu yogonera ya mishoni adayamba kuseka osaleka. Zidafalikira kwa 95 mwa ophunzira 159, ena akulira, ena akuthamanga uku ndi uku, mpaka sukulu idatsekedwa mu Malichi. Madokotala adawapima, sadapeze kachilombo kapena poizoni. Masiku ano azaumoyo amati ndi nkhawa yopatsirana: mantha a mmodzi amadzutsa thupi la mnzake, makamaka pakati pa anthu ogona pamodzi ndi opanikizika ndi zofanana. Anawo sanamizira. Mtima umathamangadi, mpweya umabanikadi, miyendo imafookadi.

Onjezeranipo kutentha kwa Okutobala m'chigwa chino, pamene ngakhale mbuzi zimafuna mthunzi, malata akutulutsa moto mpaka pakati pa usiku. Mwana sadamwe madzi okwanira, mwina ali ndi malungo kapena magazi ochepa, mayeso ali sabata yamawa, ndipo akudziwa zimene kwawo adagulitsa kuti iye akhale pano. Sindiletsa kupemphera, nanenso ndimapemphera. Koma wogwayo apite naye kuchipatala, amupatule kwa anzake kuti apume, ndipo wamkulu wodekha akhale naye pansi amufunse chimene chikumudya mumtima. Choopsa pa nthawi zotere ndi chala. Pamapezeka woloza, ndipo wolozedwa amakhala yemwe ali kale yekha: wamasiye, wosalankhulalankhula, wochokera kutali, kapena wobwera ndi zinthu zokongola kuposa anzake. Pasukulu yathu wolozedwayo adali wa bedi loyandikana ndi langa. Palibe adamumenya. Tidangosiya kudya naye mbale imodzi, ndipo teremu yotsatira sadabwerere. Ndidali m'gulu la osiya aja, ndipo mpaka lero ndimamufunafuna m'nkhope za anthu pamsika.

Choncho chikhulupiriro chimene makolo amachikonda, chakuti kwa masisitere kulibe nkhanza, nachonso chimafunika kuchiyang'ana bwino. Boma lidaletsa chikwapu m'masukulu mu 2003, koma chizolowezi chija amachitcha mockery, chozunza ongofika kumene, sichifuna chikwapu: kuchapitsa zovala, kulanda chiponde, kugwaditsa usiku amatroni atagona. Kumene ahedi ndi atsogoleri a ophunzira ali maso zimafota. Kumene akuti ndi mwambo zimakula. Mwana wanu akakhala duu pa tsiku lochezera, musathamangire kunena kuti wakhwima nzeru. Muyende naye pang'ono awiriwiri.

Tsopano mayi wachitatu uja wa pamsika. Nkhani yake ili pawiri: wina amati mpanda wa masisitere umateteza mwana ku mimba, wina amati umangosunga njala yodzaphulika akatuluka. Onse awiri amaiwala kuti mtsikanayu amakhala ndi ife kwathu pafupifupi miyezi itatu pa chaka. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 adapeza kuti 29 mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'Zambia adali atabereka kale kapena ali ndi pakati, ndipo kumidzi chiwerengerochi chidali chokwera kuposa m'tauni. Ochuluka mwa iwo sadagonepo pasukulu ya geti, ndiye sitinganene kuti adaluswa ndi kutsekeredwa. Wa kusukulu yogonera akapezeka ndi pakati, werengani miyezi: kawirikawiri imakagwera pa tchuthi, m'mudzi mwathu momwe, kwa munthu amene tonse timamudziwa dzina. Ndipo kulusa kumene anthu amanena nthawi zambiri kumangokhala kwa mtsikana amene waphunzira kuyankha, kuyang'ana munthu m'maso, kukana mwamuna amene amalume amufuna. Kuyambira Disembala 2023 lamulo lili kumbali yake: ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 suloledwa, ngakhale utakhala wa mwambo.

Koma pali pamene ine, mwana wa Mpingo, ndimasiyana maganizo ndi ondilera. Mu 1997 boma la Zambia lidakhazikitsa ndondomeko yakuti mtsikana wotenga pakati abwerere kusukulu akachira. Masukulu ambiri a Katolika sadailandire yonse: amamuthandiza kupeza malo pasukulu ina, koma pawo sabwerera. Zifukwa zake ndazimva, ndipo ozinena si anthu ouma mtima. Amaopa kuti ena angatengere, amati makolo adabweretsa ana awo chifukwa cha mwambo womwewo, amatinso mwanayo anzake angamuseke. Koma kumidzi sukulu ina nthawi zambiri imakhala yoyendera, kutanthauza kubwerera kumtsinje, kumtondo, kunjira ya njovu, tsopano ali ndi khanda kumsana. Timamulanda maola awiri aja pa nthawi imene akuwafuna kuposa wina aliyense, pomwe wom'patsa pakatiyo akupitiriza moyo wake ngati palibe chachitika. Mpingo udamuphunzitsa kuti moyo wa m'mimba usachotsedwe, ndipo iye adamvera, adasenza manyazi onse pamaso pa mudzi. Mpingo womwewo ndiwo uyenera kukhala woyamba kumusungira bedi lake.

Ndikadakonda kuti sabata ina yotsegulira, pa Luangwa Bridge, padzaime mtsikana wotero ndi bokosi lake lachitsulo, ambuya atamulandira khanda, akudikira galimoto imodzi ndi anzake a m'kalasi.